Kupimidwa ndi sing'anga wa mankhwala a ku China pa Salima

Kapimidwe kake n'kadongosolo ndithu. Amayamba ndi lilime: mtundu wake, kutupa kwake, ndi zoyanga pamwamba. Zoyanga zachikasu amati m'thupi muli kutentha, zoyera amati kuzizira. Choncho musamwe tiyi, khofi kapena zakumwa zamtundu musanapite, ndipo lilime musalikweche ndi mswachi, mungamusocheretse. Kenako amaika zala zitatu pa mtsempha wa pamkono, mikono yonse iwiri, n'kudina pang'ono, kenaka mwamphamvu. Amafunsanso za tulo, thukuta, ludzu ndi chimbudzi.

Chokoma n'chakuti anthu awiri odwala mutu sapatsidwa zofanana, ndipo mukabwereranso amasintha kasakanizidwe ka zitsamba malinga ndi mmene mwakhalira. Zitsambazo muziviike mphindi 30, n'kuziwiritsa mumphika wadothi, osati wachitsulo.

Pomwe pamatidetsa nkhawa ndi apa: kuno kunyanja malungo ndi likodzo n'zofala, ndipo zala sizingaone tizilombo. Thupi likatentha, thamangirani kuchipatala mukayezetse magazi kaye. Ndipotu artemether wa mu LA anachokera ku chitsamba cha ku China komweko chotchedwa qinghao. Amene muli pa ma ARV kapena ndinu oyembekezera, funsani adokotala musanamwe zitsambazi.