Batire lapadera la kamera ya m'galimoto: zomwe ndaona patatha miyezi isanu ndi iwiri

Ndalipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaibweza dala, chifukwa chake muchipeza kumunsiku.

Ndimachita lendi ku Area 23 ku Lilongwe, nyumba yopanda mpanda, ndipo Passo yanga imagona panja pansi pa mtengo wa mango, m'mphepete mwa kanjira komwe anthu ochokera kumowa amadulira usiku. Chaka chatha wina anaikanda ndi msomali kuchokera pa chitseko cha dalaivala mpaka kubuti, mzere umodzi wosaduka, wochita kuoneka kuti mwini wake sankathamangira kulikonse. Pasanathe mwezi galasi la m'mbali lakumanzere linapita, anangondisiyira mawaya ali lendelende. Apo m'pamene ndinaitanitsa dashcam ya maso awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo, yokhala ndi parking mode (kujambula galimoto itaimikidwa, injini ili yozima) komanso kabokosi ka 4G kotumiza uthenga pa foni galimoto ikagundidwa. Kamerayo njabwino, sindikudandaula nayo. Koma wogulitsa aliyense amakuuzani za kuwala kwa chithunzi, palibe amene amakuuzani kuti chinthuchi chimadya moto usiku wonse injini ili chete, ndipo motowo uyenera kuchokera penapake.

Poyamba ndinachita zomwe ambiri amachita. Ndinapita kwa wamawaya wina ku Biwi, analumikiza kamera ku bokosi la mafyuzi ndi hardwire kit, chingwe cha mawaya atatu chotengera moto ku batire la galimoto: wina ku fyuzi yokhala ndi moto nthawi zonse, wina ku ACC yomwe imayaka mukatembenuza kiyi, wachitatu ku chitsulo cha galimoto. Apa ndichenjeze: musalole munthu alumikize pongoyang'ana mtundu wa waya. Makampani ena waya wofiira ndi wa ACC, ena wofiirayo ndi wa batire. Awerenge kapepala komata pa wayapo. Mukasemphanitsa kamera imayaka bwinobwino koma silowa mu parking mode, inu n'kumagona mtima uli m'malo.

Kit ija ili ndi kabatani kosankhira pomwe izidula moto pofuna kuteteza batire la galimoto: 11.8V, 12.0V, 12.2V kapena 12.4V. Ine ndi dyera langa ndinaika pa 11.8 kuti ijambule mpaka kuche. Milungu iwiri zinayenda. Wachitatu, m'mawa wina wa June kukuzizira kwambiri, ndikutembenuza kiyi, galimoto inangoti "ke-ke-ke" basi. Poti ndi ya otomatiki, zokankha sizikanathandiza, ndinachita kukagogoda kwa aneba kuti andijampe, iwo ali mu thawulo. Wamawaya uja nditamufotokozera anaseka: "Akulu, 11.8 ndiye kuti batire mwalifinya mpaka gaga." Ananena zoona. Batire la asidi lodzaza bwino limawerenga cha m'ma 12.6V, likafika 12.2V latha pafupifupi theka, ndipo kulitsitsa kupitirira apo tsiku ndi tsiku n'kulipha msanga. Tigalimoto tating'ono tochokera ku Japan iti timabweranso ndi kabatire ka 40B19, ka mphamvu yosapitirira kwenikweni 30Ah kakadali katsopano. Langa silinali latsopano.

Ndinasunthira pa 12.4V. Galimoto inayamba kulira m'mawa uliwonse, koma poyang'ana mafayilo ndinapeza kuti kamera imazima isanakwane 11 koloko usiku. Wakuba wa ku Area 23 sabwera 10 koloko anthu akuonera mpira, amabwera cha m'ma 2. Ndiye ndinali ndi mlonda amene amaweruka mbava zisanadzuke.

Ndinayesanso power bank ya foni. Musataye nthawi. Yanga inkadzizimitsa yokha kamera ikachepetsa kukoka moto, komanso kusiya batire la mtundu wa mu foni m'galimoto yotseka magalasi pa dzuwa la October ndi kuitana moto weniweni.

Tsono chomwe ndikuchitira ndemangachi ndi batire lapadera lopangidwira ma dashcam, la lithium la mtundu wa LiFePO4, losunga moto wokwana 96Wh. Kukula kwake ngati buku lonenepa, chikwama chake n'chachitsulo, limalowa pansi pa mpando wakutsogolo osaoneka. Mtengo wake, pophatikiza ndalama yotumizira katundu ndi msonkho, unaposa wa kamera imene, ndipo tsiku lolipira mtima unandiwawa. Kagwiridwe kake n'kosavuta: injini ikamalira limatchaja kuchokera ku galimoto, mukazimitsa limasiya kukhudza batire la galimoto n'kumadyetsa kamera lokha. Lingathe moto mpaka ziro, m'mawa galimoto ilira basi. Kwa ine nkhani yonse yagona pamenepa. Kuyambira tsiku lomwe tinaliika sindinagogodenso kwa aneba.

Masamu ake mutha kuwerengera nokha musanagule. Kamera ya maso awiri mu parking mode imadya cha m'ma 4W, ndiye 96Wh ikanakwana maola 24. Koma kabokosi ka 4G kamawonjezera, kwa ine zonse pamodzi zimafika pafupifupi 6W, kutanthauza maola 16. Zomwe ndimaona zikugwirizana ndi zimenezi: ndikaimika 6 koloko madzulo lili lodzaza, 6 koloko m'mawa app imandionetsa pakati pa 25 ndi 30 peresenti. Potchaja, likalumikizidwa ku bokosi la mafyuzi limakoka pafupifupi 9A ndipo limadzaza ola lisanathe. Kudzera pa soketi ya ndudu limachedwerapo. Ulendo wanga wopita ku City Centre ndi wa mphindi 25, kubwerera chimodzimodzi, ndiye maulendo awiriwo amakwanira ndendende, bola masana ndizimitse kamera poti kuntchito kuli alonda. Ndikaiwala kuzimitsa, usiku umenewo limandithera cha m'ma 3.

Poti limakoka 9A, wamawaya asakulumikizireni pa fyuzi iliyonse yomwe wakumana nayo. Ife tinagwiritsa fuse tap, kachipangizo kopatulira moto, pa fyuzi ya soketi ya ndudu, osakhudza za airbag kapena ABS. Komanso mafyuzi a galimoto zambiri za ku Japan ndi aja afupiafupi otchedwa low profile, pomwe ma tap omwe anabwera m'katoni anali a mtundu wina, ndinachita kuzungulira mashopu atatu a masipeya.

Za mauthenga a pa foni ndi nkhani ina payokha. Sabata yoyamba ndinasiya G-sensor, yomwe imamva kugunda, pa mphamvu yonse komanso motion detection, yoona kuyenda kwa zinthu, ili choyaka. Galu akadutsa, foni. Njinga yamoto ya kabaza ikawalitsa, foni. Itafika nyengo ya mango ndiye zinanyanya, bango lililonse logwera pa denga linkandidzutsa ngati nkhondo. Usiku wina mayi a kunyumba anatembenuka n'kuti, "Inu bambo, musankhe, foniyo kapena ine, mmodzi akagone pabalaza." M'mawa mwake ndinazimitsa mauthenga a kuyenda kwa zinthu, ndinasiya a kugunda okha, pa mlingo wapakati, kamera ndinaiika kuti izijambula mosalekeza pa low bitrate, kutanthauza mafayilo ang'onoang'ono. Mtendere unabwerera, ndipo bandulo yomwe inkatha masiku anayi pano imandifikitsa kumapeto kwa mwezi. Memory card nayonso gulani yolembedwa high endurance. Yanga yoyamba, ya wamba yomwe ndinachotsa mu foni yakale, inafa pa miyezi iwiri chifukwa kamera imalemba ndi kufufuta usiku wonse.

Kodi zinandithandizapo? Kamodzi, mu February. Foni inalira 2:14 usiku, mvula ikuwaza. Ndikutsegula app ndinaona munthu wovala chipewa atawerama kutsogolo kwa galimoto, dzanja lili mu grill, akusaka waya wotsegulira boneti. Ankafuna batire la galimoto, sizochita kufunsa. Ndinayatsa getsi lapakhonde n'kukuwa kuti wakuba, iye liwiro la mtondo wadooka, anasiya sipanala ya 10 m'matope yomwe ndikugwiritsabe ntchito mpaka pano. Ndikaganiza, akanakhala kuti watsegula n'kuchotsa batire lija, kamera yolumikizidwa mwa kale ija ikanazimira pomwepo. Iyi ikanapitiriza kujambula ndi kutumiza. Koma musaganize kuti ndinapeza nkhope yopita nayo kupolisi. Kumdima, kudzera pa galasi lonyowa, chomwe chimaoneka ndi chipewa ndi mapewa. Chinapulumutsa batire langa ndi kulira kwa foni, osati chithunzi. Ndipo linali tsiku lamwayi netiweki ili bwino, masiku ena uthenga umafika patatha mphindi zitatu kapena zinayi, munthu wodziwa ntchito yake atamaliza kale.

Nyenyezi yachisanu ndaibweza chifukwa batireli limadalira kuti galimoto iziyenda. Masiku a mizere ya mafuta aja, pamene galimoto imakhala masiku atatu anayi osasuntha kapena kugona pa filling station, lija limatha tsiku lachiwiri lisanafike pakati, nthawi yomwe mukulifunitsitsa. M'katoni mulibe chotchajira pa magetsi a m'nyumba, ndinachita kugula adaputa ya 12V padera, ndipo kulisolola pansi pa mpando usiku uliwonse ndi chintchito. App yake imalumikizana pa Bluetooth, ndiye kuti muone peresenti muyenera kuima pafupi ndi galimoto, muli m'chipinda simungadziwe kuti mlonda wanu wagona. Pa kutentha sindinaone vuto: mu October kamera yapagalasi ndiyo inkadzizimitsa masana ikapsa, batire pansi pa mpando linkangofunda pang'ono.

Ngati galimoto yanu imagona mumpanda wa geti ndi agalu, ndalama imeneyi kagulireni matayala. Ngati mumayenda maulendo aatali tsiku lililonse ndi batire lalikulu latsopano, hardwire kit pa 12.2V mwina ikukwanirani. Koma wa galimoto yaing'ono, maulendo afupiafupi a m'tauni, yogona panja ngati yanga, sindikuona njira ina yojambulira mpaka kuche popanda kupha batire.

Chomwe chikundisowetsabe mtendere ndi m'mbali. Kamera imaona kutsogolo ndi kumbuyo, pomwe wa msomali uja ndi wa galasi uja onse anagwira ntchito yawo m'mbali, ndipo msomali sugwedeza galimoto moti foni n'kulira. Galasi latsopano ndinakalembetsa nambala ya galimoto ndi kulikhomera ma rivet. Ndakhala ndikuyang'ana kamera yachitatu yoti iziona m'mazenera a m'mbali, koma ndikawonjezera 2W yake pa masamu aja, batire likutha pa maola 12 ndendende, osasiya kanthu ka tsiku lomwe ndafika kunyumba molawirira.