Ma DVD anayi ochokera ku Leeds ndi tomato wanga wa ku Mufakose

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Atabwera pa Khirisimasi ananditulutsira kabokosi m'chikwama, n'kunena kuti, "Amayi, inu ndi za dimba ndi zoluka, izi zikusangalatsani." Munali ma DVD anayi a pulogalamu ina ya pakanema ya kumeneko: zophika, ntchito zamanja, kulima kuseri kwa nyumba, ndi kuweta agalu ndi amphaka. Iliyonse ili ndi zigawo 6 za mphindi 30. Ndaonera zonse pang'onopang'ono, magetsi akakhalapo, ndipo poti amayi anzanga a kumpingo akhala akundifunsa ngati nawonso auze ana awo awagulire, ndati ndilembe pano kamodzi.

Ndiyambe ndi ya dimba, chifukwa ndi imene inandipweteka komanso ndi imene ndimaikonda. Mayi wophunzitsayo ndi wodekha, manja ake amaoneka kuti amagwiradi dothi. Iye anati tomato afesedwe mu Malichi, ndipo mbande ziwokeredwe panja kumapeto kwa Meyi. Ine, munthu woti ndinayamba kugwira khasu ndili ndi zaka 8 m'munda wa malemu mayi anga, ndinangomvera ngati mwana wa sukulu. Ndinafesa mu Malichi, ndinawokera mu Meyi, mizere itatu kumunsi kwa mpanda kumene kumayang'ana kudambo.

M'mawa wina mu Juni ndinatuluka ndi chigubu, udzu uli mbuu ndi chisanu. Dzuwa litangokwera, masamba onse a tomato anada bii n'kulendewera ngati wina wawathira madzi owira. Bambo akunyumba anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, anayang'ana dimba, anayang'ana ine. "Mayi a ana, kodi aphunzitsi anuwo munawauza kuti inu muli ku Harare?" Sindinayankhe.

Kupusa kunali kwanga, koma bokosilo silichenjeza munthu paliponse. England ali kumpoto kwa dziko lapansi, ife kum'mwera, choncho nyengo zathu zimasemphana ndi miyezi 6. Juni kwa iwo ndi nthawi yofunda, dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Kwa ife Juni ndi Julaye ndiye pachimake pa kuzizira, ndipo Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, motero m'malo a madambo chisanu chimagwa ndithu. Miyezi imeneyo ife timalima repu, covo, mpiru, anyezi ndi kabichi. Mayiyo akati Malichi, inu muzimva Sepitembala.

Mukangotembenuza miyeziyo, DVD imeneyi ndi chuma. Ndinaphunzira kuthyola timphukira totuluka m'khwapa mwa tsamba la tomato tikadali tating'ono, kuti mphamvu izipita ku zipatso. Kale ndinkatisiya poganiza kuti nthambi zambiri ndiye tomato wambiri. Ndinaphunziranso kuthirira patsinde osati pamasamba, ndi kusanja manyowa m'dzenje mosinthanitsa, zaziwisi pansi, zouma pamwamba, kenako kadothi. Chimene chimandiwawa n'kuona mmene amamwazira madzi ndi paipi, ife tikuima pamzere kumjigo ndi zigubu. Komabe gawo la kuphimbira nthaka landipulumutsa: ndinayala mapesi ndi udzu wouma, ndipo dothi lathu lofiirali, limene limauma gwa likaombedwa ndi dzuwa, tsopano limasunga chinyezi masiku atatu.

Ya zophika ili pakatikati. Zambiri zimafuna uvuni wa madigiri 180, sikelo yoyezera magalamu, batala ndi kirimu, zinthu zoti pa Mbare Musika sungapite kukazifuna. Nsomba yawo amaichotsa mutu ndi khungu lomwe, ndiye ndimadzifunsa kuti msuzi amautenga kuti. Koma gawo la masikono lokha ndi lokwanira kulipira DVD yonse. Chinsinsi chake n'choti majarini akhale ozizira, uwafikise mu ufa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati mchenga, ndipo ukathira mkaka usakande ngati mandasi, ungosonkhanitsa basi. Podula ndi kapu, ungodinda n'kukweza, osapotokola. Ine ndinaphika mmene timaphikira chigumu, mumpoto pa mbaula, makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro. Anafufuma mpaka kung'ambika pakati okha. Pa msonkhano wa amayi mbale inabwerako yopanda ndi nyenyeswa yomwe.

Ya ntchito zamanja musavutike nayo. Makadi a mapepala, makandulo onunkhira, zomata ndi guluu wamagetsi. Ife amene tinaphunzitsa ana ndi madoilo, tikugona m'mabasi kupita kukagulitsa ku Johannesburg, palibe chotiphunzitsa mmenemo. Mdzukulu wanga yekha ndiye anatolamo nzeru yoluka kamkeka kopondapo ndi masikipa akale.

Ya ziweto tinkaonera ngati nthabwala. Galu wogona pabedi, galu womutsuka mano, mphaka wokhala ndi tsiku lobadwa. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, ati m'moyo wina adzabadwe galu wa ku England. Koma pakati pa zosekazo ndinamva zimene sindinkadziwa. Anyezi amawononga magazi a galu, chokoleti nayenso ndi poizoni kwa iye, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kumulasa m'matumbo. Galu wathu wakula ndi makoko a nsima onyika mu msuzi wodzaza anyezi, ndiye pano ndimamupatulira zake ndisanakazinge. Chokhumudwitsa n'choti m'zigawo zonse 6 sanatchulemo za chiwewe. Kwa iwo n'zomveka, poti Britain anathana ndi chiwewe cha agalu kalekale mu 1922, koma kuno mwana wa galu akakwana miyezi itatu ayenera kukabayitsa katemera, ndipo nyengo ya mvula nkhupakupa sizimupatsa mpata. Munthu woweta galu kuno atangodalira DVD imeneyi angaphonye chinthu chachikulu kuposa zonse.

Chingerezi chawo ndi chothamanga, makamaka bambo wa agaluyo, koma mukayatsa mawu olembedwa m'munsi mumatsatira bwinobwino.

Ndiye amayi anzanga, mwana akafunsa, nenani kuti ya dimba ndi ya zophika zokha, ndalama ya zinazo atumize mugulire mbewu. Ine ndinafesanso tomato kumapeto kwa Ogasiti. Pano jakaranda wachita maluwa m'tauni, wanganso wayamba kuonetsa timaluwa tachikasu. DVD ya dimba ili kwa achemwali anga ku Mabvuku, ndipo pachikuto ndinamatapo pulasitala n'kulemba ndi bolopeni kuti: Malichi ndi Sepitembala, Meyi ndi Novembala.