Chipukuta misozi cha Heathrow: eni nyumba chimawalipira bwino, mudzi chimausiya bwinja

Pa ndondomeko zogula nyumba za anthu oyandikana ndi bwalo la ndege, ya Heathrow ku London imalipira bwino ndithu. Mwini nyumba imene ili pamalo odzamangapo msewu wachitatu wotera ndege adalonjezedwa mtengo umene nyumbayo ikadagulidwa pakadapanda nkhani ya bwaloli, kuphatikizapo 25 peresenti pamwamba, msonkho wa stamp duty wolipira pogula nyumba yatsopano, ndalama za loya ndi zosamukira. Nyumba ya mapaundi 400,000 ndiye kuti ibweretsa 500,000. Lamulo la ku England limangonena za 10 peresenti, choncho pamenepa palibe chodandaula.

Cholakwika chili pa nthawi yogulira. Boma la Britain litavomereza msewuwu mu Januwale 2009, kampani ya BAA, yomwe inkayendetsa bwaloli, idayamba kugula nyumba m'mudzi wa Sipson, woyandikana ndi bwaloli, ntchito isadayambe n'komwe. Mu 2010 boma latsopano lidaimitsa zonse, koma nyumba zoposa 200 zinali zitagulidwa kale. Sadazigwetse. Adaikamo anthu a lendi, ambiri ongokhala kanthawi n'kuchoka. Apa ndi pamene mudzi umafera. Mabanja okhazikika akachoka, wa golosale ataya makasitomala, tchalitchi chichepa anthu, nkhalamba zitsala zopanda wozizonda. Wotsalayo akafuna kugulitsa kwa munthu wamba sapeza wogula, chifukwa mabanki amazengereza kupereka ngongole pa nyumba yoti mwina idzagwetsedwa. Ndiye ndani angakonze denga kapena kusintha mawindo? Nyumba zimayamba kuonongeka eni ake alimo.

Pulani yatsopano idasunthira kumadzulo, ndipo idzameza mudzi wonse wa Longford ndi mbali yaikulu ya mudzi wa Harmondsworth, nyumba pafupifupi 750. Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2018, khoti la apilo lidaimitsa mu Febuluwale 2020, khoti lalikulu koposa onse la Supreme Court lidatsegulanso njira mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu 2025 boma lidanenanso kuti likufuna msewuwo. Zaka zonsezi palibe chimene ndondomekoyi imalipira pa kudikira kotere, ndipo n'zomvetsa chisoni.

Amalawi ofuna nyumba ya lendi kufupi ndi Heathrow adziwe kuti 25 peresenti ija ndi ya eni nyumba okhalamo, osati anthu a lendi. Musanasaine, funsani mwini nyumbayo ndani, onani ngati ili m'dera lodzagwetsedwa, ndipo werengani bwino za notisi yotulutsira munthu m'nyumba.