Mapiritsi a levodopa ndi carbidopa: zimene ndaona pa bambo anga

Papita zaka zitatu chiyambire bambo anga kumwa mapiritsi a levodopa ndi carbidopa, amene adokotala anawalembera atawapeza ndi matenda a Parkinson, ndipo ndikunena mosakayika kuti mankhwalawa amathandiza, ngakhale kuti sachiza. Asanayambe kumwa, dzanja lawo lamanja linkanjenjemera moti tiyi ankatayikira pa malaya, ndipo kumanga batani limodzi lokha inali ntchito yaikulu. Masiku ano akamwa piritsi limodzi, lokhala ndi mamiligalamu 100 a levodopa ndi 25 a carbidopa, pakatha mphindi 30 kapena 40 amadzuka okha pampando n'kupita kukaona ndiwo zawo kudimba.

Mphamvu ya mankhwalawa inaonekera koyamba pa nyama. Mu 1957, wasayansi Arvid Carlsson wa ku Sweden anapatsa akalulu mankhwala a reserpine, amene amamaliza dopamine wosungidwa mu ubongo (dopamine ndi chinthu chimene ubongo umapanga chothandiza thupi kusuntha bwino, ndipo amachepa mwa odwala Parkinson), ndipo akaluluwo anangoti khale, makutu ali lende, osatha kusuntha. Atawabaya DOPA, mankhwala amene muli levodopa, anadzambatuka n'kuyamba kuyendayenda. Dopamine weniweniyo satha kuchoka m'magazi n'kulowa mu ubongo, pamene levodopa amalowa n'kukasanduka dopamine komweko, ndipo carbidopa amamuteteza kuti asasandulike panjira, chimene chimachepetsanso nseru. Carlsson analandira mphoto ya Nobel mu 2000.

Koma akalulu aja maselo awo anali amoyo, anangotheredwa dopamine basi. Mu ubongo wa bambo maselo opanga dopamine akufa pang'onopang'ono, ndipo piritsi siliwadzutsa. Chaka chino ndaona mphamvu yake ikutha msanga: nthawi ya piritsi lotsatira isanakwane, miyendo imayamba kulemera ngati yamatidwa pansi, ndipo zimandipweteka mtima kuwaona ataima pakhomo osatha kuponya phazi. Pa kafukufuku, makoswe owonongedwa ubongo ndi 6-OHDA, poizoni wopha maselo opanga dopamine, akapatsidwa levodopa kwa nthawi yaitali amayamba kugwedeza ziwalo mosafuna, ndipo adokotala anatichenjeza kuti zoterezi zimachitikiranso anthu.

Taphunziranso kuti nyama, usipa ndi nyemba zimalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi, choncho bambo amamwa kutatsala theka la ola kuti adye. Chondidandaulitsa kwambiri n'chakuti mapiritsiwa amasowa ndiponso ndi okwera mtengo. Mwezi watha ndinayenda m'mafamase anayi ndisanawapeze, mtima uli m'mwamba, chifukwa mankhwalawa n'ngoopsa kuwasiya mwadzidzidzi, ndipo tsopano ndimagula ena botolo lisanafike pakati.