Kulanti wa NOAT m'thiraki ya dizilo: zomwe ndaona patapita miyezi yambiri

Papita miyezi yambiri chisinthireni kulanti (madzi a mankhwala oziziritsa injini) wa m'thiraki yanga ya dizilo, ndipo tsopano ndikhoza kunena momwe wagwirira ntchito, popeza ubwino kapena kuipa kwa kulanti sikudziwika m'masabata oyambirira. Amene ndinachotsa anali wa mtundu wakale wotchedwa IAT, uja amakonda kukhala wobiriwira, ndipo amene ndinathiramo ndi wa mtundu wokhalitsa wotchedwa NOAT, wokhala ndi mankhwala a nitrite, wobwera atasakanizidwa kale ndi madzi theka ndi theka. Ndakhutira naye, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti ndinamusankha potsata zomwe buku la injini yanga limafuna.

Ambiri amagula kulanti poyang'ana maonekedwe ake, kuti wofiira athirenso wofiira, wobiriwira athirenso wobiriwira. Maonekedwewo ndi utoto chabe umene kampani iliyonse imasankha yokha, moti makulanti awiri ofiira akhoza kukhala ndi mankhwala osiyana kotheratu. Chofunika kuwerenga ndi manambala olembedwa kumbuyo kwa chigubu. ASTM D3306 ndi mlingo wa magalimoto ang'onoang'ono, pamene ASTM D6210 ndi wa injini zikuluzikulu zogwira ntchito yolemetsa. Pamwamba pa apo, opanga injini ali ndi milingo yawoyawo, monga EC-1 ya Caterpillar, CES 14603 ya Cummins ndi MAN 324, ndipo chigubu chimene sichinatchule mlingo wa injini yanu ndi bwino kuchisiya, ngakhale wogulitsa atachiyamikira bwanji.

Chimene chimasiyanitsa thiraki ndi galimoto yaing'ono pa nkhaniyi ndi masilivu, mapaipi achitsulo amene pisitoni imayendamo. Injini zambiri zikuluzikulu za dizilo zili ndi masilivu amene kunja kwake kumakhudzana ndi kulanti mwachindunji. Dizilo akamaphulika m'silinda, silivu imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumapanga tithovu ting'onoting'ono m'kulanti timene timaphulikira pakhoma la silivuyo. Kathovu kamodzi sikangawononge kanthu, koma zikamachitika mosalekeza chitsulo chimakumbika pang'onopang'ono, monga mmene madontho a padenga amakumbira pansi, mpaka silivu kuboola ndipo kulanti n'kuyamba kulowa mu oyilo. Ndinaonapo silivu yotere pathebulo la makaniko: mbali imodzi inali yosalala, koma mbali inayo inali ndi mzere wa timaenje tothithikana kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, ndipo kamodzi kanali kataboolera mkati. Nitrite amene ali mu NOAT amamata kachikuto kopyapyala pachitsulo kuti tithovuto tizidya kachikutoko m'malo mwa silivu. Komabe pali injini zina, makamaka zokhala ndi aluminiyamu wambiri, zimene opanga ake amafuna kulanti wa mtundu wa OAT wopanda nitrite n'komwe, choncho zimene zayenerera injini yanga siziyenerera thiraki iliyonse.

Posintha, tinakhetsa kulanti yense wakale, kuphatikizapo wotsalira m'buloko ndi m'hita, kenako tinatsuka ndi madzi oyera mobwerezabwereza mpaka otuluka atayera mbee. Tinachotsanso fyuluta ya kulanti n'kuikapo ina yopanda mankhwala. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Fyuluta yoyendera limodzi ndi kulanti wakale imakhala ndi mankhwala owonjezera otchedwa SCA amene amasungunukira m'madzi pang'onopang'ono, ndipo ikasiyidwa pomwepo imapitiriza kuthira mankhwala amene NOAT sawafuna.

Nanga m'miyezi yapitayi ndaona zotani? Geji ya kutentha yakhala ikuima pamalo amodzi, ngakhale thiraki ikukwera mtunda wautali italemedwa. Sindikunena kuti kulanti watsopano amaziziritsa kuposa wakale, pakuti onse awiri maziko awo ndi mankhwala otchedwa ethylene glycol. Kutsuka komwe tinachita kuyenera kuti kunathandiza kwambiri. Ndikayeza ndi refractometer, kachipangizo koonera kuchuluka kwa mankhwala m'madzi, kusakanizika kwake kukadali pafupi ndi theka ndi theka, mlingo umene umaletsa kulanti kuundana mpaka cha pa -37°C ndiponso umakweza kuwira kwake kufika cha pa 108°C, ndipo chivundikiro chabwino cha rediyeta chimakwezanso kuwirako kupitirira pamenepo. Ngakhale kumene kulibe chisanu choopsa, madzi okhaokha si njira, chifukwa sateteza ku dzimbiri ndipo amawira msanga. Kulanti wosasakaniza nayenso si wabwino: satenga kutentha ngati madzi, ndipo ethylene glycol payekha amaundana cha pa -13°C.

Ndikatunga pang'ono m'kabotolo koonekera, kulantiyu akadali wowala, alibe matope pansi ndipo alibe mafuta oyandama pamwamba. Timapepala toyezera nitrite tikusonyeza kuti mankhwalawo akadalimo okwanira. Kale ndinkayenera kuyeza SCA nthawi iliyonse yosintha oyilo n'kumawonjezera akachepa, ndipo ntchito imeneyo inkafuna kusamala kwambiri, chifukwa akachepa masilivu amadyeka, akachuluka amaundana n'kuwononga silo (chotsekera madzi kuti asadonthe) ya pampu ya madzi. Kumasuka ku ntchito imeneyi ndi phindu lalikulu kwambiri limene ndapeza.

Zovuta zilipo. M'masabata oyamba kulanti ankanyowetsa pang'ono polumikizira paipi yapansi ya rediyeta, ndipo pamalopo panauma kanthu kofiirira kooneka ngati mchere. Zikuoneka kuti dothi lakale ndi limene linkatseka mpatawo, ndipo titamangitsa kilampu vutolo linatha. Vuto lokhalitsa ndi la kuwonjezera pa ulendo. Kulanti wokhalitsa safuna kusakanizidwa ndi mitundu ina, moti Caterpillar imalangiza kuti kulanti wakale wolowa mu kulanti wawo wokhalitsa wotchedwa ELC asapitirire 10 peresenti, apo ayi ubwino wake wokhalitsa umachepa. Kampani yomweyo imati ELC imafika maola 12,000 kapena zaka 6, malinga ngati mwathira mankhwala owonjezera pa maola 6,000, koma zaka zimenezo sizingakwane ngati dalaivala aliyense athiramo chimene wapeza. N'chifukwa chake m'thirakimo mumakhala chigubu cha kulanti yemweyo nthawi zonse, ndipo pathanki yake ndinamatapo chikwangwani chotchula mtundu wake kuti wogwira injiniyo asachite kulota. Zikavuta kwenikweni, madzi oyera opanda mchere (distilled water) ndiwo oyenera kuthira, kenako n'kudzakonza mlingo wake pobwerako.

Kulanti wokhetsedwa uja tinamusunga m'zigubu zotseka bwino mpaka atakatayidwa pamalo oyenera, chifukwa ethylene glycol ndi wotsekemera koma ndi poizoni amene amawononga impso za ana ndi ziweto. Kwa amene ali ndi injini ya masilivu otere, ndipo buku lake likulola nitrite, NOAT ndingamuvomereze mosakayika, bola atsuke mokwanira ndi kusintha fyuluta pa tsiku lomwelo.