Maofesi opezera anthu ntchito pa Kasungu: mukalipira yolembetsera, chimatsatira n'chiyani?

Pa Kasungu boma pali anthu amene malonda awo ndi kupezera anzawo ntchito. Ena ali ndi ofesi yooneka, yokhala ndi chikwangwani ndi kompyuta. Ena ndi kachipinda kuseri kwa shopu, tebulo limodzi ndi benchi. Ena alibe ndi chitseko chomwe, ali ndi nambala ya WhatsApp basi. Ntchito zomwe amalonjeza ndi zomwe zimapezekadi kuno: ulonda, kugulitsa m'shopu, kuthira mafuta pa filing'i, kuphika ndi kukonza zipinda m'malo ogona alendo, ntchito zam'nyumba ku Lilongwe, ukalaliki wogula soya ndi mtedza, ndi za m'maesiteti a fodya. Anthu amachoka ku Santhe, Chamama, Chulu ngakhale ku Nkhamenya, envulopu yakhaki m'manja, kudzalembetsa. Dandaulo lawo ndi limodzi kulikonse: ukalipira, foni imangoti zii.

Ndondomeko yake siisiyana kwenikweni. Mumadzaza fomu ya tsamba limodzi, mumasiya CV, fotokope ya chiphaso cha unzika, fotokope ya satifiketi ya MSCE kapena JCE, ndi zithunzi ziwiri zazing'ono. Kenako ndalama yolembetsera, ndi mawu aja onse amawadziwa: "Pitani, tikuyimbirani." Musanatuluke, yang'anitsitsani komwe envulopu yanu yapita. M'maofesi ambiri a mtunduwu dzina limalembedwa m'buku la chikuto cholimba motsatira tsiku lomwe munthu wabwera, ndipo envulopu imaponyedwa m'katoni pansi pa tebulo, pamwamba pa anzake. Mulonda, wophika ndi woyendetsa thirakitala onse ali m'katoni imodzi. Tsiku lomwe bwana wina adzafune dalaivala, palibe amene adzakhuthule katoni yonseyo. Adzatenga wa pamwamba, kapena amene wakhala pa benchi nthawi yomweyo. Uku ndi kulephera koyamba kwa ntchito yawo, ndipo n'kosavuta kukonza: mafayilo asanu ndi limodzi olembedwa mtundu wa ntchito akanakwana.

Koma gwero la chete uja lili pa ndalama. Ejenti, yemwe ndi munthu wopezera anzake ntchitoyu, amadya m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yoti olemba ntchito amamulipira akawapezera munthu woyenera. Ejenti wotere amakusakani yekha, chifukwa inu mukapanda kuyamba ntchito iye salandira kanthu. Njira yachiwiri ndi yoti amadya ndalama zolembetsera za ofuna ntchito. Kwa ameneyu phindu lonse latha pa mphindi yomwe mwapereka ndalama. Kukuyimbirani pambuyo pake n'kuwononga mayunitsi ake, ndipo munthu watsopano amene waima pakhomo ndi wofunika kuposa inu amene munalipira mwezi watha. Mwa maofesi amene amadandaulidwa, ochuluka ndi a mtundu wachiwiriwu. Sikuti onse ndi akuba. Ena amakhala ndi ntchito ziwiri kapena zitatu zenizeni, koma amapitiriza kulemba anthu ngati kuti ali ndi malo makumi asanu.

Choncho musanatulutse kwacha iliyonse funsani kuti, "Kodi olemba ntchitowo amakulipirani?" Funsaninso kuti ntchito yomwe ilipo lero ndi iti, ili kudera liti, malipiro ndi angati, ndipo akufuna anthu angati. Ejenti angathe kubisa dzina la kampani poopa kuti mungamudumphe, zimenezo n'zomveka. Koma amene sangathe kunena ngakhale dera ndi malipiro alibe ntchito m'manja. Pemphani kuona satifiketi yolembetsera bizinesi ndi chiphaso cha khonsolo, zomwe bizinesi yolongosoka imapachika pakhoma. Mukalipira, landirani lisiti yokhala ndi dzina la ofesi, tsiku, chidindo, ndi mawu onena chomwe mwalipirira. Pa lisiti pomwepo alembe kuti dzina lanu likhala m'buku mwawo miyezi ingati, ndiponso ngati ndalama imabwezedwa ntchito ikapanda kupezeka. Amene wakwiya ndi mafunso amenewa wakuyankhani kale. Safunsa anadya phula.

Zoyamikira zilipo, ndipo n'zofunika kuzinena. Maofesi abwino amathandiza kwambiri munthu wa kumudzi amene sadziwa khomo loti agogode. Amadziwa sitolo yomwe ikutsegula nthambi, esiteti yomwe kapitawo wake wachoka, banja la ku Area 47 lomwe likufuna wantchito wodalirika. Amakukonzerani CV, amakuuzani zovala pa tsiku la intavyu, ena mpaka amakuperekezani. Chizindikiro chawo n'chakuti amakufunsani mafunso ambiri asanakulandireni, ndipo amatha kukubwezani n'kunena kuti pakadali pano za mtundu wanu palibe. Pa ntchito zam'nyumba ndi zaulonda, ejenti wabwino amakhalanso mboni pakati pa inu ndi bwana malipiro akayamba kuvuta. Ameneyo ndalama yake ndi yoyenera.

Palinso chete wochokera kwa olemba ntchito eni ake, amene ejenti sangamuthetse. Zotsatsa zambiri za m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimathera ndi mzere wonena kuti okhawo osankhidwa ndi amene adzayankhidwe. Mzere umenewo muziutenga monga momwe ulili. Zifukwa zina sizikhudzana ndi inu n'komwe. Mabungwe amalengeza ntchito ndalama za pulojekiti zisanafike, ndalamazo zikachedwa kapena zikalephereka, makalata onse amangogona. Makampani ena amasonkhanitsa ma CV kuti aphatikize pa mapepala opikisanirana kontirakiti, ndipo akaluza sauza aliyense. Kwina malo amakhala atapatsidwa kale munthu wa m'kati, kulengezako n'kongokwaniritsa ndondomeko. Nyengo nayonso imalamula. Ntchito zokhudza msika wa fodya ku Chinkhoma komanso zogula mbewu zimafuna anthu msika usanatsegulidwe cha m'ma Epulo, pomwe maesiteti amafuna manja ambiri kuyambira pa nazale mpaka pokolola ndi posankha fodya. Wokasiya kalata ya ukalaliki wogula soya mu Ogasiti wabwera msika utatha, ndipo kalatayo siidzakumbukika chaka chamawa.

Chomwe chimatipweteka mtima kwambiri ndi anthu amene anayimbiridwadi koma sanadziwe. Kalaliki wa kampani amakhala ndi mayina khumi ndi asanu oti ayimbire asanaweruke. Amayimba kamodzi, mwina kawiri. Foni ikakhala yozima chifukwa ili kotchajitsa kwa ometa tsitsi pa tauni, kapena mwini wake ali kudimba komwe netiweki siigwira, amadumphira dzina lotsatira. Pa CV lembani manambala awiri, imodzi ya Airtel ina ya TNM, ndipo yachiwiriyo ikhale ya munthu amene foni yake siizima, amenenso mwamuuza kuti mukudikira ntchito. Mukapeza nambala yachilendo yakuyimbirani, yimbaninso tsiku lomwelo, osaflasha. Ofesi siyimbira munthu woflasha. Imelo muzitsegula kamodzi pa masiku awiri alionse, ndi bokosi la spam lomwe, chifukwa makalata oyitanira ku intavyu amagwera m'menemo kawirikawiri. Ngati imeloyo anakutsegulirani ku kafe, lembani pasiwedi m'kope lanu. Ambiri amatumiza kalata pa imelo yomwe iwo eni sangathenso kuitsegula.

Mapepala otumiza pa intaneti nawo amagwetsa anthu. Zithunzi zisanu ndi ziwiri za masatifiketi zojambulidwa pamphasa ndi foni, zina zopendekeka, chala chikuoneka m'mphepete, palibe amene amazitsegula zonse. Pitani pa kafe akasikane zonse n'kuziphatikiza mu fayilo imodzi ya PDF: kalata yofunsira ntchito poyamba, CV ya masamba awiri, kenako masatifiketi. Fayiloyo isapitirire 2 MB, ndipo itchulidwe dzina lanu ndi ntchito yomwe mukufuna. Pa mutu wa imelo lembani dzina la ntchitoyo ndendende monga alembera pa chotsatsa, pamodzi ndi nambala yake ngati ilipo. Ngati anena kuti mafotokope akhale otsimikizidwa, kadinditseni kwa loya kapena kubwalo la majisitireti. Anthu atatu okuchitirani umboni muwadziwitse, ndipo manambala awo muwayese nokha. Umboni wa mphunzitsi wamkulu amene anasamutsidwa kalekale ndipo nambala yake inatsekedwa umaimitsa zonse mwakachetechete.

Kulondoloza kuli ndi muyeso wake. Khalani ndi kope lolemba tsiku lomwe mwapereka kalata, dzina la ntchito, tsiku lotsekera, ndi dzina la amene analandira. Mukakapereka pamanja, nyamulani fotokope ya kalatayo kuti akudindireni. Kwa olemba ntchito, dikirani masabata awiri kuchokera pa tsiku lotsekera, osati pa tsiku lomwe munapereka, kenako tumizani uthenga umodzi waufupi: "Mwadzuka bwanji bwana. Ndine uje, ndinafunsira ntchito ya ukalaliki wa sitolo yomwe inatsekedwa pa 14. Ndimafuna kudziwa ngati mwasankha kale oti abwere ku intavyu. Zikomo." Yimbani pakati pa sabata m'mawa, cha m'ma 9 mpaka 11, osati Lolemba kapena Lachisanu madzulo. Pakatha masabata asanu ndi limodzi opanda yankho, lembani mzere pa dzinalo m'kope mwanu. Kwa ejenti muyeso ndi wina, popeza munamulipira: muzionekera pamaso kamodzi pa masabata awiri, lisiti m'thumba, ndi kufunsa kuti CV yanu yatumizidwa kuti ndi kuti. Kuyimba tsiku lililonse sikuthandiza, amangosunga nambala yanu kuti asamayankhe. Ndipo musaleke ganyu kapena kabizinesi kanu chifukwa cha lonjezo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali zinthu zitatu zomwe sitingalangize munthu kuchita ngakhale ofesi ioneke yokongola chotani. Musasiye satifiketi yeniyeni, chiphaso cha unzika kapena pasipoti. Zenizenizo mumangoonetsa n'kubwerera nazo, chifukwa amene wazigwira wagwira inuyo. Musatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu amene simunamuonepo, ponena kuti ndi ya yunifomu, ya kuchipatala kapena yosungitsira malo. Msampha wake umayenda motere: uthenga umabwera usiku kuti mwasankhidwa, intavyu ndi mawa ku Lilongwe, tumizani ndalama isanakwane 8 koloko. Changu chimenecho n'chopangira dala kuti musapeze nthawi yofunsa. Chachitatu, musalipire aliyense wonena kuti akulowetsani ntchito ya boma. Aphunzitsi, azaumoyo ndi ogwira ntchito m'makhonsolo amalembedwa kudzera m'makomishoni ake, monga Teaching Service Commission, Health Service Commission ndi Local Government Service Commission, ndipo dobadoba alibe gawo m'menemo. Wopempha kangachepe pa ntchito ya boma nkhani yake ndi ya ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu.

Za ntchito zakunja zimafuna kusamala koposa. Kuyambira kumapeto kwa 2023, pomwe achinyamata anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ku Israel, mawu oti "ntchito zakunja" akhala nyambo yokoka anthu mosavuta. Tonse tinamvanso za amayi a kuno kwathu omwe anatengeredwa ku Oman kukagwira ntchito zam'nyumba, n'kukalandidwa mapasipoti ndi kuzunzidwa. Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, koma lamulo limagwira bwino munthu asanakwere ndege. Musanalipire chilichonse, tengani dzina la ejentiyo mupite nalo ku ofesi ya leba pa boma mukafunse ngati unduna wa zantchito ukumudziwa. Kontirakiti muiwerenge muli kuno, ndipo fotokope yake itsale ndi achibale.

Ofesi ya lebayo ambiri amaidziwa ngati kokadandaula ukachotsedwa ntchito, koma ndi malonso ofunsirako za ntchito ndi za malamulo ake. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa tsankho polemba anthu ntchito, kaya chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali kapena kuti munthu ndi wamkazi, ndipo chitetezo chimenechi chimafikira ndi amene akungofunsira kumene. Limanenanso kuti wolembedwa ntchito apatsidwe pepala lofotokoza malipiro, maola ndi zina zotero. Apa ndi pomwe ma ejenti ambiri amaterereka: amakutumizani kwa bwana ndi mawu apakamwa, mwezi ukatha mumamva kuti theka la malipiro oyamba ndi la ofesi. Ngati pali kudula kotere, kulembedwe musanayambe, ndi kuchuluka kwake, ndi kuti n'kwa mwezi umodzi wokha. Malipiro otsala asatsike pansi pa mlingo wochepetsetsa womwe boma linalengeza, umene a leba angakuuzeni.

Kuweruza kwathu n'kotere. Pa ntchito zam'nyumba, zaulonda ndi za m'mashopu, ejenti wokhala ndi ofesi yodziwika, wopereka lisiti, ndiponso wolipidwa ndi olemba ntchito, ndi wothandiza ndipo tingamuvomereze. Kwa munthu wa dipuloma, digiri kapena satifiketi ya TEVETA, ndalama yolembetsera ija ndi bwino igule bando ndi kusikanitsa mapepala, chifukwa ntchito za mlingo umenewo zimalengezedwa poyera ndipo mungafunsire nokha. Wa nambala ya WhatsApp yokha ayi ndithu.

Ngati munalipira kale ndipo nthawi yomwe munagwirizana yadutsa, lembani kalata yaifupi yopempha mapepala anu ndi ndalama, ya makope awiri, imodzi asayine itsale ndi inu. Apatseni masiku asanu ndi awiri. Akakana kubweza satifiketi kapena chiphaso, kapena mukapeza chitseko chili ndi loko ndipo nambala siikupezekanso, tengani lisiti ndi mauthenga a pafoni osafufuta, mupite nazo ku polisi ndi ku ofesi ya leba. Funsani anzanu amene munakhala nawo pa benchi paja kuti mupitire limodzi, aliyense ndi lisiti yake.