Bambo wa zamagetsi ku Mangochi Boma anandikonzera mawaya a Peugeot 504

Papita miyezi inayi chitengereni galimoto yanga kwa bambo amenewa, ndipo ndinachita dala kudikira kuti Okutobala adutse ndisanalembe kalikonse. Amene mumakhala ku Mangochi mukudziwa kuti waya womangidwa mwachinyengo amaululika ndi dzuwa la mwezi umenewu, pamene boneti imatentha yosagwirika. Galimoto yayenda ulendo wa ku Monkey Bay kanayi, wa ku Liwonde kawiri, ndipo yakwera Chowe usiku nyali zili chiyakire. Tsopano ndingathe kulankhula.

Ndi Peugeot 504 ya petulo, ya chaka cha 1978, yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku France mu 1968, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuulumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000. Injini yake ilibe chifukwa. Chimene chinaipha ndi manja a anthu. Kwa zaka zoposa 40 makaniko aliyense amene anaigwira ankawonjezera waya wake osachotsa wa mnzake. Wina anaika alternator (chopanga magetsi odzaza batire) ya Toyota, wina fani ya magetsi, wina masipoti (nyali zowonjezera) awiri kutsogolo, wina hutala ya lole, ine ndemwe ndinaikitsa wayilesi. Mukatsegula boneti munkaona mawaya a m'nyumba, ofiira ndi akuda aja, atapotanapotana, ena omangidwa ndi malegeni, ena okulungidwa tepi yomwe inasungunuka kalekale n'kusanduka phula.

Chimene chinandiopsa chinachitika usiku wina tikuchokera ku maliro ku Namwera. Tikutsika mapiri a Chowe nyali zinayamba kufiira ngati koloboyi, kenaka m'galimoto munamveka fungo la pulasitiki wopsa. Nditagwira kachitsulo ka choke (kamene timakoka poliza injini yozizira) ndinachotsa dzanja msanga, kanali kotentha ngati kachoka pamoto. Munali mayi anga ndi azakhali awiri. Tinagona pambali pa msewu mpaka kunacha, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayi anakana kukweranso galimoto ya amuna awo. Zimenezo zinandipweteka kuposa kuwonongeka kwa galimotoko.

Anandilozera kwa bambowa ndi mkulu wina woyendetsa lole ya usipa ku Makawa. Bambowa alibe chikwangwani, ndi kashedi ka malata chabe chakuseri kwa msika, kutsogolo kuli mtengo wa mango. Ndi munthu wachikulire, wosathamanga polankhula. Anayang'ana mu injini kwa nthawi ndithu osagwira kanthu, kenaka anati, “Achimwene, galimoto iyi sikufuna waya wina ayi. Ikufuna tichotse.” Ndinawafunsa kuti, “Nanga madala, simungangokonza pamene papsapo?” Anakana. Anati ngati ndikufuna zimenezo alipo ambiri m'tauni muno, koma iwo dzina lawo sangaliike pa ntchito yoti mawa ipse ili ndi anthu m'kati.

Tsiku loyamba ndinakhala nawo, ndipo ndi tsiku limene ndinawakhulupirira. Anachotsa kaye batire, n'kuyamba kusenda tepi yakale. Atafika pa mawaya enieni a kufakitale anatenga kansanza konyowetsa ndi palafini, n'kupukuta kumapeto kwa waya mmodzi, ndipo panaoneka kanambala kakang'ono. Anandiuza kuti Peugeot za nthawi imeneyo waya umamudziwa ndi nambala yake, sumangodalira mtundu, ndipo makaniko amene sadziwa zimenezi amasokonezeka, n'kungodula n'kukoka waya watsopano pambali. Zaka zonsezi ndakhala ndikutsegula boneti imeneyi, nambala zimenezo ndinali ndisanazionepo. Waya aliyense ankamutsata ndi mita mpaka kumene akuthera, n'kumata kapepala, n'kulemba m'kope la sukulu.

Za choke uja anazipeza mosavuta. Lamba wa earth wolumikiza injini ndi bodi anali atadyeka ndi dzimbiri, patangotsala tinsinga tiwiri kapena titatu. Magetsi akasowa njira yobwerera ku batire amadzipezera ina, ndiye ankadutsa m'waya wa choke. Anaika lamba watsopano wonenepa, atapala pomangirapo mpaka chitsulo kuwala.

Fani ndiyo inali ndi nkhani yaitali. 504 inabwera ndi fani yoyendera injini, yokhala ndi kilatchi ya maginito imene imagwira injini ikatentha. Itafa, wina anaika ya magetsi, zomwe si zolakwika, koma moto wake anautenga pa koyilo (imene imapereka moto ku mapulagi), popanda fyuzi, popanda relay (kaswichi koyendera magetsi kamene kamasenza moto wambiri). Choncho fani ikazungulira koyilo inkachepekedwa moto, injini n'kumatsokomola pa mtunda. Ndiponso ndinkadabwa kuti ndikazimitsa kiyi injini inkapitiriza kulira kamphindi. Anandifotokozera kuti fani ikamazungulirabe imasanduka jenereta n'kumabwezera moto ku koyilo. Amakaniko atatu anandisinthitsa mapulagi ndi mapoyinti chifukwa cha vuto limeneli, ndalama kungotayika.

Nyali nazo zinali chimodzimodzi. Mababu awiri a 60 watts pa batire ya 12 volts amakoka ma amp pafupifupi 10, ndiye kuwonjezapo masipoti, zonsezo zinkadutsa pa kaswichi kakale ka pa chiwongolero. Fungo la pa Chowe lija linachokera pamenepo. Fyuzi yoti ikanapsa n'kutiteteza inali itakulungidwa kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Anaika ma relay anayi pamzere umodzi, ya nyali zazitali, ya zazifupi, ya fani ndi ya hutala, ndipo masipoti anandiuza kuti tingowachotsa, ndinavomera. Anandionetsa manambala a pa relay: 30 ndi moto wochokera ku batire kudzera pa fyuzi, 87 ukupita ku nyali, 85 ndi 86 ndi za swichi. Tsopano swichi imangotuma, katundu wolemera amasenza ndi relay. Kwa alternator anapeza kuti regulator yakale (yoletsa magetsi kupyola muyezo) inasiyidwa yolumikizidwa, chonsecho ya Toyotayo ili nayo kale yake m'kati. Asanayambe ntchito mita inkawerenga ma volts 12.6 injini ikulira, atamaliza inkawerenga 14.1. Chitengereni sindinakankhitsepo galimoto.

Mawaya amene anachotsa anadzaza ndowa. Otsalawo anawalowetsa m'timapaipi ta pulasitiki, kutali ndi ekizozi, ndipo paliponse pamene waya akuboola chitsulo anaikapo mphira.

Madandaulo ndili nawo, ndipo sindiwabisa. Anandilonjeza masiku anayi, galimoto inakhala masiku 11. China chinali choti anakana ma relay otchipa a pamsika n'kuitanitsa ena ku Limbe, zimenezo ndikuzimvetsa. Lachisanu masana amatseka kupita ku mzikiti, zimenezonso anandiuziratu. Koma foni sayankha. Masiku atatu athunthu ndinkaimba osayankhidwa, mpaka ndinakwera kabaza kukaona ngati galimoto ilipo. Munthu amene wasiya chuma cha bambo ake m'manja mwanu amafunika kumuuza pamene zafika, ngakhale ndi uthenga umodzi. Mnyamata wawo anasiyanso girizi pa mpando wakutsogolo, mpaka lero banga silinachoke. Geji ya petulo sinakonzedwe, anati vuto lili m'thanki ndipo silinali m'pangano lathu. N'zoona, koma akanandiuza poyamba ndikanawonjezera ndalama kuti zithere limodzi.

Mtengo unaposa kawiri umene ena awiri ananditchulira. Poyamba ndinadandaula, koma anandilembera chilichonse chimene anagula ndi malisiti ake, ndipo pobweza makiyi anang'amba masamba atatu a m'kope lija n'kundipatsa. Pali chithunzi cha mawaya onse a mu injini, fyuzi iliyonse ndi ma amp ake. Anati, “Ichi chizikhala m'galimoto. Ine ndikadzapita, wobwerayo asadzayambenso kudula.” Ndinakachipangitsa fotokope, china chili kunyumba.

Amene muli ndi 504, Land Rover yakale kapena Datsun imene yadutsa m'manja ambiri, pitani nayo kwa bambowa, koma musapite muli ndi ulendo wa mawa, ndipo mugwirizane nawo tsiku loti muzidzaonekera nokha m'malo modalira foni. Sabata yatha mayi anakwera, tinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Malindi kukaona achemwali awo, n'kubwerako kutada. Mwezi wamawa ndikuibwezanso komweko kuti akaone geji ija ndi mawaya a nyali zakumbuyo.